Kodi Khansa ndi Nthenda Yakumtundu? Phunziro Lochokera pa Ntchito ya Michael Stratton

Mawu Oyamba

Amalume anga adali mlimi wa mbatata ya kachewere kufupi ndi Tsangano m'boma la Ntcheu. Chaka china, kukolola kutayandikira, adayamba kudandaula kuti nsima ikuwakanirira pakhosi. Poyamba ankangochepetsa mbamu, kenako adasiya nsima n'kumamwa phala, ndipo mapeto ake ngakhale madzi ankabwerera. Pamene ankafika kuchipatala chachikulu n'kuti thupi litatha. Madokotala adati ndi khansa ya kummero, ndipo patangopita miyezi inayi tidawaika m'manda.

Pamaliro padamveka zonena zitatu. Ena ankati adadyetsedwa ndi anzawo ansanje. Ena ankanong'ona za kachasu. Koma mawu amene adatsalira m'mudzi adali a anthu okalamba, amene ankakumbukira kuti agogo aamuna, bambo awo a malemuwo, nawonso adamwalira akulephera kumeza. Iwo adangoti, "N'zakumtundu izi." Mawu amenewa adafika kwa akuchimuna amene ankafunsira msuweni wanga, mwana wamkazi wa malemuwo, ndipo chinkhoswe chake chidaima chaka chathunthu.

Cholinga cha chimangirizo chino ndi kuyankha funso limene lidaimitsa chinkhoswecho: kodi khansa ndi nthenda yakumtundu? Poyankha titsata ntchito ya Michael Stratton, wasayansi wa ku Britain amene wafufuza funso limeneli kwa zaka zoposa 30, ndipo kafukufuku wake adakhudza odwala a m'Malawi muno. Tiona kuti khansa iliyonse imayamba ndi kuonongeka kwa malangizo a m'maselo, koma ndi khansa yochepa chabe imene munthu amaitengera kwa makolo. Tionanso kuti Chichewa chathu chimasokoneza zinthu ziwirizi, ndipo kusokonezako kumapweteka anthu.

Mawu Ofunika Kuwamvetsa

Thupi la munthu lidapangidwa ndi maselo, tizigawo tating'ono tosaoneka ndi maso. M'kati mwa selo muli DNA, imene tingaiyerekeze ndi buku la malangizo lolembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Bukuli lili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, ndipo lidagawidwa m'mitolo yotchedwa makromozomu. Munthu amakhala ndi makromozomu 46: amalandira 23 kwa mayi ndi 23 kwa bambo. Kachigawo ka DNA kamene kali ndi langizo limodzi kamatchedwa jini, ndipo majini opereka malangizo otere alipo pafupifupi 20,000.

Selo likamagawikana kuti thupi likule kapena chilonda chipole, limakopera buku lonselo. Monga mmene wophunzira amalakwitsira chilembo pokopera zolemba za mnzake, selo nalo limalakwitsa. Utsi wa fodya, dzuwa ndi mankhwala ena zimawonjezera zolakwikazo. Zambiri mwa izo sizivulaza, koma zikaunjikana m'majini oyang'anira kukula, selo limayamba kuswana mosalekeza. Imeneyo ndiyo khansa.

Tsono zolakwikazi zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la cholakwika chimene chidalipo kale mu umuna wa bambo kapena m'dzira la mayi. Mwana amabadwa nacho m'selo lililonse ndipo angathe kupatsira ana ake. Gulu lachiwiri ndi la zolakwika zimene zimachitika munthu atabadwa kale, m'chiwalo chimodzi monga mapapo kapena kummero. Zimenezi zimathera pa mwini wake, sizipita kwa ana. Akatswiri amati mwa odwala khansa 100 alionse, ndi 5 mpaka 10 okha amene matenda awo amachokera ku cholakwika champhamvu cha gulu loyamba.

Chiyambi cha Ntchito: Mabanja Odwala Khansa ya M'mawere

Michael Stratton adabadwa mu 1957. Adaphunzira udokotala ku Oxford ndi ku Guy's Hospital mu mzinda wa London, ndipo adayamba ntchito ngati dokotala woyeza timinofu ta odwala pa maikulosikopu. Ntchito imeneyi imauza dokotala dzina la chotupa, koma siimuuza chimene chidachiyambitsa. Chidwi chofuna kudziwa gwero ndicho chidamupititsa ku Institute of Cancer Research kukachita kafukufuku.

M'zaka zimenezo madokotala ankadziwa kuti m'mabanja ena khansa ya m'mawere imagwira agogo, mayi ndi mwana, kawirikawiri akadali aang'ono. Mu 1990 Mary-Claire King wa ku America adaonetsa kuti jini ina yochititsa zimenezi ili pa kromozomu 17, ndipo jiniyo idatchedwa BRCA1. Koma panali mabanja ena, makamaka amene amuna nawonso ankadwala khansa ya m'mawere, amene jini imeneyi siinkawakhudza. Stratton ndi anzake adatsata mabanja amenewa. Ankatenga magazi kwa odwala ndi kwa abale awo osadwala, n'kumafufuza chigawo cha DNA chimene odwalawo adagawana. Mu 1994 adalengeza kuti jini yachiwiri ili pa kromozomu 13, ndipo mu Disembala 1995 adaipeza jiniyo. Dzina lake ndi BRCA2.

Ntchito ya BRCA2 yabwinobwino ndi kuthandiza kukonza DNA ikaduka. Munthu wobadwa ndi BRCA2 yolakwika ali ngati nyumba imene mmisiri wake wokonza denga ndi mmodzi m'malo mwa awiri: mmodziyo akadwala, nyumba imadontha. Mwa akazi 100 obadwa ndi vutoli, pakati pa 45 ndi 70 amadzadwala khansa ya m'mawere pa moyo wawo. Apa pali mfundo zitatu zoyenera kuzisunga. Yoyamba, si onse amene amadwala. Chimene adatengera ndi chiopsezo, osati matenda enieniwo. Yachiwiri, mwana wa munthu woteroyo angatengere kapena osatengera, mofanana ndi mmene khobidi loponyedwa m'mwamba lingagwere mbali iyi kapena iyo. Yachitatu, vutoli lingachokere kwa bambo monga mmene lingachokere kwa mayi, ngakhale kuti khansa ya m'mawere timaiona ngati ya akazi.

Kupezeka kwa majini awiriwa kudabweretsanso mkangano. Kampani ya ku America ya Myriad Genetics idatenga umwini wa majiniwa mwalamulo, kotero kuti m'dzikolo ndi yokhayo imene inkaloledwa kuyeza anthu. Stratton adali mmodzi mwa otsutsa mchitidwe umenewu. Mu 2013 khoti lalikulu la ku America lidagamula kuti jini yachilengedwe singakhale katundu wa munthu kapena kampani.

Kuchoka pa Zobadwa Nazo Kupita pa Zopeza M'moyo

Munthu wina akadapumira pa ulemu wa BRCA2. Koma Stratton adaona kuti mabanja oterewa ndi ochepa, ndipo odwala khansa ambiri alibe mbiri yotere kwawo. Choncho mu 2000 adayambitsa ntchito yotchedwa Cancer Genome Project ku Sanger Institute, kufupi ndi Cambridge. Njira yake idali yoyerekeza DNA ya m'chotupa ndi DNA ya m'maselo abwino a munthu yemweyo. Chilichonse chopezeka m'chotupa chokha ndiye kuti munthuyo sadabadwe nacho.

Mu 2002 gulu lake lidapeza kuti jini yotchedwa BRAF imakhala yolakwika mwa odwala ambiri a khansa yapakhungu yotchedwa melanoma. Pofika 2011 mankhwala olimbana ndi cholakwika chimenechi adavomerezedwa ku America. Kumapeto kwa 2009 gululi lidawerenga DNA yonse ya zotupa ziwiri. Mu melanoma adapezamo zolakwika zoposa 30,000, ndipo mu khansa ya m'mapapo adapezamo pafupifupi 23,000. Chodabwitsa chidali chakuti zolakwikazo sizidali zachisawawa. Za pakhungu zidali za mtundu umene dzuwa limasiya, ndipo za m'mapapo zidali za mtundu umene utsi wa fodya umasiya.

Mlimi wa kwathu amaimvetsa mfundo imeneyi msanga. Akalawirira kumunda n'kupeza chimanga chitaonongeka, safunika kuti akhale adaona wakubayo. Amayang'ana pansi: mapazi a nyani ndi osiyana ndi a nguluwe, ndipo a nguluwe ndi osiyana ndi a mbuzi ya mnansi. Momwemonso chilichonse choononga DNA chimasiya mapazi akeake. Mu 2013 Stratton, Ludmil Alexandrov ndi anzawo adasanthula zotupa zoposa 7,000 ndipo adapeza mitundu ya mapazi yoposa 20. Mu 2016 adawerengera kuti munthu wosuta paketi imodzi ya ndudu tsiku lililonse kwa chaka amawonjezera zolakwika pafupifupi 150 m'selo lililonse la m'mapapo. Pa nthawiyi Stratton adali mkulu wa Sanger Institute, udindo umene adakhalapo kuyambira 2010 mpaka 2023.

Kafukufuku Afika ku Malawi

Ngati mapazi amaulula wakuba, ndiye kuti angathandize kuyankha funso lakale: n'chifukwa chiyani khansa ina imachuluka m'dera lina koma n'kumasowa m'dera lina? Khansa ya kummero ndi chitsanzo chachikulu. Ndi yochuluka kumpoto kwa China, kumpoto chakummawa kwa Iran, ndi m'chigawo cha Africa choyambira ku Ethiopia ndi Kenya kutsika mpaka ku South Africa. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansayi imagwira anthu ambiri padziko lonse. Imayamba m'njira imene chakudya chimadutsa pochoka m'kamwa kupita m'mimba, ndipo odwala ambiri amafika kuchipatala njirayo itatsala pang'ono kutsekeka, monga zidachitikira amalume.

Mu 2016 ofufuza ena, ogwira ntchito ndi chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe pamodzi ndi University of North Carolina, adafalitsa zotsatira za DNA ya zotupa za odwala 59 a m'Malawi. Chimodzi mwa zimene adaona n'chakuti mapazi a fodya, amene ambiri ankawayembekezera, sadaonekemo.

Mu 2017 bungwe la Cancer Research UK lidapereka ndalama zokwana mapaundi 20 miliyoni ku ntchito yotchedwa Mutographs, yotsogozedwa ndi Stratton mogwirizana ndi bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa. Khansa ya kummero ndiyo idali yoyamba kuisanthula. Adatenga zotupa za odwala 552 kuchokera m'maiko asanu ndi atatu: Brazil, China, Iran, Japan, Kenya, Malawi, Tanzania ndi Britain. Mwa olemba lipoti lake, limene lidatuluka mu 2021 m'magazini ya sayansi ya Nature Genetics, mudalinso dokotala wa ku Malawi, Charles Dzamalala.

Ofufuzawa ankayembekeza kuti m'zotupa za ku Malawi, Kenya kapena Iran apezamo mapazi a chinthu chobisika chimene kulibe ku Britain. Sadawapeze. Zotupa za m'maiko onsewo zidali ndi mapazi ofanana kwambiri. Adaona mapazi a fodya, a mowa ndi a opium mwa odwala ena, ndiponso zizindikiro za majini obadwa nawo mwa odwala ochepa, koma palibe chimene chidafotokoza kusiyana kwakukulu kwa maiko.

Kodi ndiye kuti njirayi ndi yopanda ntchito? Ayi. Mu 2024 gulu lomweli lidasanthula khansa ya impso ya odwala 962 a m'maiko 11, ndipo lidapeza mapazi a poizoni wa chomera china, aristolochic acid, mwa odwala ambiri a ku Romania ndi Serbia. Njira ndi yabwino, koma pa khansa ya kummero wakuba sadasiye mapazi. Maganizo amene ofufuza akuwatsata tsopano ndi akuti zinthu zina siziononga DNA mwachindunji, koma zimapsereza kapena kutupitsa minofu mobwerezabwereza, ndipo zimenezi zimapatsa mpata maselo amene adalakwika kale kuti achuluke. Zili ngati njere za udzu zimene zili kale m'nthaka ya munda uliwonse, koma zimamera kwambiri pamene pali chinyontho.

Maganizo amenewa akugwirizana ndi kafukufuku wa mtundu wina, wofunsa odwala ndi osadwala za makhalidwe awo. Mu 2016 IARC idaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa ya kummero. Mu 2022 kafukufuku wa ESCCAPE, amene adachitika ku Malawi ndi ku Tanzania, adapeza kuti anthu okonda kumwa tiyi kapena phala likadali lamoto kwambiri ali pa chiopsezo chokulirapo. Fodya ndi mowa waukali n'zodziwika kale kuti zimawonjezera chiopsezo, ndipo utsi wa nkhuni m'khitchini ndi kusasamala mano zikufufuzidwabe.

Nanga Banja la ku Tsangano?

Tibwerere kwathu. Bambo ndi mwana kumwalira ndi nthenda yofanana si umboni wokwanira wakuti nthendayo ndi yobadwa nayo. Anthu a m'banja limodzi amagawana majini, koma amagawananso mphika, khitchini yautsi, madzi a pachitsime chimodzi ndi zizolowezi. Ku Tsangano ndi ku Lizulu kumazizira, ndipo mu Juni munthu amafuna tiyi wowotcha milomo. Mnyamata amaphunzira kwa bambo ake kupichira fodya ndi kumwa mowa, monga mmene amaphunzirira kulima. Akuluakulu adati make mbuu, mwana mbuu, koma mwambiwu sunena ngati mwanayo adabadwa wotuwa kapena adagona paphulusa limodzi ndi make.

Khansa zina zofala m'dziko muno zimaonetsa mfundoyi poyera. Khansa ya khomo la chiberekero, imene imagwira amayi ambiri kuposa ina iliyonse m'Malawi, imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo katemera wake adayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Khansa ya Kaposi imayamba ndi kachilombo kenanso, ndipo imakula chitetezo cha m'thupi chikatsika, makamaka chifukwa cha HIV. Zonsezi si zakumtundu.

Komabe zobadwa nazo zilipo ndithu, ndipo chitsanzo chapafupi ndi abale athu achialubino, amene kalembera wa 2018 adapeza kuti alipo oposa 134,000. Mwana amabadwa wachialubino pokhapokha atalandira jini yotere kwa mayi ndi kwa bambo omwe, ngakhale onse awiri ali akuda. Khungu lake silitchinga dzuwa, choncho khansa yapakhungu imamugwira mosavuta. Apa chibadwa ndi malo zimagwirira limodzi: chiopsezo n'chobadwa nacho, koma chipewa, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza ku dzuwa zimachichepetsa. Bambo amene amathawa mkazi wake chifukwa chobereka mwana wachialubino akuthawa jini imene ili m'thupi mwake momwe.

Madokotala amakayikira kuti khansa ndi yotengera akaona zizindikiro izi: abale apafupi angapo a mbali imodzi adadwala khansa yofanana, adadwala asanafike zaka 50, mayi wadwala mawere onse awiri, kapena mwamuna wadwala khansa ya m'mawere. Banja lotere liyenera kuuza dokotala mbiri yake yonse, ya kuchimuna ndi ya kuchikazi, kuti ena ayezedwe msanga.

Phunziro kwa Ophunzira Chiyankhulo

Nkhani imeneyi ikutikhudza ife a chiyankhulo chifukwa sayansi imafika kumudzi kudzera m'mawu. Taonani mawu atatu awa.

Oyamba ndi akuti "majini". Olemba ena adawatenga ku Chingerezi, koma m'Chichewa mudali kale mawu akuti majini otanthauza mizimu yovutitsa munthu. Namwino akauza agogo kuti vuto lili m'majini, agogowo angatuluke m'chipatala n'kulunjika kwa sing'anga. Wolankhula ayenera kufotokoza kaye kuti akunena za malangizo a m'thupi.

Achiwiri ndi akuti "zili m'magazi". Mawuwa timawagwiritsa ntchito ponena za chibadwa, komanso ponena za matenda opatsirana monga HIV. Womva angaganize kuti khansa imapatsirana pogonana kapena podyera mbale imodzi, ndipo angayambe kusala wodwala.

Achitatu ndi akuti "zakumtundu". M'mudzi mwathu mfunda timatengera kwa bambo, pamene mbumba timaiwerengera kwa mayi. Choncho mawu akuti mtundu amaloza mbali imodzi, malinga ndi amene akulankhula ndi chimene akufuna. Makromozomu sadziwa mfunda kapena mbumba. Amachokera theka uku, theka uku. Ndiponso mawuwa amamveka ngati chigamulo chosasinthika, pamene sayansi ikunena za chiopsezo. N'kwabwino kusiyanitsa momveka "chiopsezo chobadwa nacho" ndi "kuonongeka kopeza m'moyo", ngakhale mawuwo atalike.

Mawu Omaliza

Ntchito ya Michael Stratton idayamba ndi mabanja ochepa amene khansa yawo ndi yotengeradi, ndipo idafika pa odwala ambiri amene khansa yawo idayamba ndi zimene maselo adakumana nazo m'moyo. Pa khansa ya kummero ya kuno kwathu, iye ndi anzake adafalitsa poyera kuti chimene ankafuna sadachipeze. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kafukufuku akupitirira. Ngati akatswiri amene adawerenga DNA ya zotupa 552 sadathamangire kugamula, ifenso pamaliro tisamathamangire kuloza chala mtundu wa munthu.

Zimene zikudziwika n'zokwanira kuti tichitepo kanthu: kudikira kuti tiyi ndi phala zizizireko, kusiya fodya, kupewa mowa waukali, kubayitsa atsikana katemera wa HPV, ndi kupita kuchipatala msanga chakudya chikayamba kukanirira pakhosi. Msuweni wanga uja adakwatiwa ankhoswe atakambirananso, ndipo ali ndi ana awiri. Tiyi wa ana ake amayamba wamupungulira m'kapu ina kuti apole.

Mafunso Okambirana

1. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa cholakwika chobadwa nacho ndi cholakwika chopeza m'moyo.

2. N'chifukwa chiyani zotsatira za kafukufuku wa 2021 zili zofunika ngakhale kuti ofufuza sadapeze chimene ankayembekeza?

3. Pezani mawu a Chichewa amene angalowe m'malo mwa "majini" popanda kusokoneza womva, ndipo perekani zifukwa zimene mwawasankhira.